Tinkalemba anthu a nkhondo mvula yobzalira itagwa

Achinyamata ambiri a kuno ku Chipata akamva za nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe amaiyesa nkhani ya kutali, ya anthu a ku Lusaka ndi a m'mbali mwa Zambezi. Mabomba ambiri anagwadi kumeneko. Koma kumapeto kwa 1979 nkhondo ija inatipeza ifenso a kum'mawa, inalowera pa wailesi n'kudzakhala pa tebulo lolembera maina. Ine ndinali mmodzi mwa okhala pa tebulo lotero. Ndikulemba izi chifukwa ntchito yosonkhanitsa anthu mwadzidzidzi sinathere pa nkhondo ija. Mawa ikhoza kugwera mphunzitsi, nyakwawa, kalaliki wa khonsolo kapena wapampando wa komiti ya m'mudzi, kaya chifukwa cha madzi osefukira, mliri kapena chipwirikiti cha m'malire, ndipo zimene zinatisautsa ife zidzamusautsanso iyeyo.

Malire a Zambia ndi Rhodesia, Zimbabwe ya lero, anatsekedwa mu Januwale 1973. Anayamba ndi Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu la Rhodesia, ndipo atafuna kutsegula a Kaunda anakana. Dziko lathu linkasunga asilikali a ZIPRA a Joshua Nkomo, omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndiye mkwiyo wa Rhodesia unkagwera ife. Pa 19 Okutobala 1978 ndege zawo zinaphulitsa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi wina ku Mkushi, anthu mazanamazana n'kufa. Mu Epulo 1979 analowa mu Lusaka momwe n'kugumula nyumba ya Nkomo. Mu Okutobala chaka chomwecho anadula milatho ya pa Chambeshi, wa njanji ya TAZARA ndi wa msewu. Pofika Novembala, zokambirana zothetsa nkhondoyo za ku Lancaster House ku London zili mkati, anatembenukira milatho ya misewu yolowa mu Lusaka, ndipo umodzi unali wa pa Chongwe, pa Great East Road. Msewu umenewu ndi wokhawo wotilumikiza ndi Lusaka, mtunda wa makilomita opitirira 550. Feteleza, mchere ndi mafuta a nyale zinkabwera nawo, chimanga chathu ndi nshawa zinkapita nawo. Apo m'pamene a Kaunda analengeza kuti dziko lonse likonzekere nkhondo: tchuthi cha asilikali chathetsedwa, opuma abwerere, ndipo amene anadutsa ku National Service akaonekere.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa depoti yogulira mbewu, mnyamata wosakwatira. Ku National Service ndinali nditadutsako monga anzanga onse, pakuti masiku amenewo womaliza Fomu 5 aliyense, mnyamata kapena mtsikana, ankapitako miyezi 20, kuyamba ndi za mfuti kenako za khasu. Nditakaonekera pa sukulu imene anatiuza, sajeni wa asilikali okhazikika anayang'ana mmene ndalembera dzina langa n'kunena kuti, "Iwe mfuti ikudikira, khala apa." Anandipatsa kaundula wa chikuto cholimba, bolopeni ndi desiki pansi pa mtengo wa mango. Kuyambira 1976 mpaka 1980 asilikali a pansi, a ndege ndi a National Service anali pansi pa ulamuliro umodzi, n'chifukwa chake otiyang'anira anali osakanikirana chonchi.

Anatiuza kuti gulu lathu, likaphatikizana ndi a maboma ena, likwane bataliyoni. Ambiri amaganiza kuti bataliyoni ndi chinamtindi cha amuna basi. Imamangidwa kuchokera pansi. Sekishoni ndi anthu 8 kapena 10 pansi pa kopolo. Masekishoni atatu ndi pulatuni, anthu ngati 30, okhala ndi lefutenanti ndi sajeni. Mapulatuni atatu ndi kampani, ndipo makampani atatu kapena anayi, kuonjezapo ophika, oyendetsa malole, a wailesi, a zachipatala ndi osunga sitolo, ndiwo amakwana anthu 600 mpaka 800. Mukawerengera bwino muona kuti pamafunika makopolo makumimakumi. Amuna ofuna kugwira mfuti anali mbwee. Osowa anali anthu oti angauze anzawo asanu ndi atatu kuti "gonani pansi" iwo n'kugonadi. Sajeni wathu ankayenda pa mzere kufunafuna anthu otere: amene anakhalapo kapitawo pa esiteti ya fodya, mphunzitsi wamkulu, woyang'anira gule kudambwe, mtsogoleri wa mganda. Satifiketi sankaiyang'ana kwenikweni. Ankamupatsa munthu anyamata ochepa kuti akakumbe nawo dzenje, iye n'kuima patali kuona ngati dzenjelo likumbidwa popanda kutukwanizana.

Obwera anali a mitundumitundu. Aphunzitsi ndi makalaliki ngati ine tinkadziwa kumasula mfuti ndi kuimanganso, ngakhale mimba zina zinali zitayamba kutsogola. Panali madoda opuma usilikali, ena atazolowera kale kuweta ng'ombe. Ndiye panali anyamata osaitanidwa, osagwirapo mfuti chibadwire, obwera okha kapena otsogozedwa ndi tcheyamani wa chipani, pakuti UNIP inali yokha ndipo mawu a wapampando wa wodi ankalemera. Ambiri anabwera ndi mtima woona, za ku Chikumbi zinali zitawapsetsa mtima anthu. Ena anamva kuti kuli nsima yaulere ndi jombo, ndipo sindiwaweruza, zaka zimenezo sopo ndi mafuta ophikira tinkachita kuimira pa mzere. Amene muyenera kuchenjera naye ndi munthu wochita kuperekedwa ndi ena. Mukauza nyakwawa kuti mudzi wake utulutse amuna asanu, sikupatsani mwana wa mlongo wake. Ikupatsani mkamwini wamwano, mnyamata amene anagwidwa ndi mbuzi ya eni, ndi uja akulimbirana naye malire a dimba. Munthu wotumizidwa ngati chilango amafika ali ndi mlandu mumtima, ndipo inu mukumupatsa mfuti. Ife tinaleka kupempha chiwerengero pa mudzi. Tinkamufunsa munthu payekha, nyakwawa itakhala poteropo: "Wawa, mwabwera nokha kapena akutumani?"

Maina ndiwo anandizunguza mutu kuposa china chilichonse. A Phiri ndi a Banda anadzaza masamba, maina oyamba n'kumafanananso. Wina pa reji ali ndi dzina lina, pa satifiketi ya sukulu lina chifukwa anabwereza Giredi 7 pa dzina la msuweni wake, kumudzi akumudziwa ndi lachitatu. Ukaitana pa perete ayankha atatu, mwina osayankha ndi mmodzi yemwe. Bulangete limodzi linkalembedwa kwa anthu awiri, wina n'kugona chofunda palibe. Mankhwala ake anali kupatsa munthu aliyense nambala pa tebulo pomwepo, n'kulemba pambali pake nambala ya reji, mudzi, nyakwawa, mfumu yaikulu ndi dzina la mayi womubereka. Dzina la mayi ndilo linkasiyanitsa msanga. Kwa anthu a m'malire, a cha ku Mwami, Vubwi ndi Chadiza, nkhani inali ina: munda uli ku Zambia, manda a makolo ali ku Malawi kapena ku Mozambique, reji sanatengepo. Otere ankaikiridwa umboni ndi nyakwawa, ndipo tinkaidinditsa chala m'kaundula kuti mawa isadzanene kuti munthuyo siimudziwa.

Kupima kwa achipatala kunali kwachangu. A khunyu, a chifuwa chachikulu ndi a phudzi ankabwezedwa, ndipo ena ankabisa matenda chifukwa cha manyazi. Pimirani m'chipinda, munthu mmodzimmodzi, ndipo wobwezedwa atulukire khomo lina. Tsiku limene anapimira pabwalo anzawo akuonerera, wa khunyu anadutsa osanena kanthu, n'kudzagwa pa perete.

Tsiku lina m'mawa pa mzere panaima nkhalamba yovala chikhoti chakale cha kaki, chitini cha fodya m'manja. Itafika pa tebulo inaima njo, n'kutsegula chitinicho. Munali mendulo, imodzi ya nyenyezi ya ku Burma, ndi kabuku kopumira usilikali kofiira ndi utsi. Nkhalambayo inali ya Northern Rhodesia Regiment, gulu la asilikali a dziko lino pa nthawi ya atsamunda, limene pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 linakula mpaka mabataliyoni 8. Anthu ake anamenyana ndi Ataliyana ku Tug Argan, ku Somaliland, mu Ogasiti 1940, ena anafika ku Madagascar, ena ku Burma. Mabalaki athu akusungabe maina a nkhondo imeneyo: Tug Argan ku Ndola, Chindwin ku Kabwe, Arakan ku Lusaka, ndi Gondar yathu ya kuno ku Chipata, dzina la mzinda wa ku Ethiopia kumene Ataliyana anagonja mu Novembala 1941.

Sajeni anaimirira, kuipatsa saluti, n'kuiuza mwaulemu kuti, "Agogo, inu mbali yanu munamaliza." Nkhalamba sinatsutse. Inangopempha kuona kaundula wanga. Kuwerenga inkadziwa pang'ono, inaphunzirira ku usilikali komweko. Inayendetsa chala pa mizere pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa tsamba, kenako inandiyang'ana.

"Mwanawe, apa mwalemba opita. Nanga otsala mwawalemba pati?"

Inatiuza kuti iwo anatengedwera pa Fort Jameson, Chipata yomweyi, amesinjala a boma ndi akapaso a mfumu atazungulira midzi, lole ili pambuyo, malipenga patsogolo. Inachoka mkazi ali ndi pakati, nkhokwe ili theka. Ndalama imene ankaidula pa malipiro kuti izipita kunyumba inkafikira kwa munthu wina wa dzina lofanana. Pobwera inapeza mwana atamwalira, mkazi atalowa banja lina. Sinalire kapena kukweza mawu. Inatseka chitini chake n'kukakhala pa muzu wa mango mpaka masana. Pepala limene tinapatsidwa linalibe malo a funso lake, ndipo mzere unali wautali.

Kenako mvula inagwa. Munthu wobadwira m'tauni sangamvetse kuti kuitana amuna mu Novembala n'kutani. Kuno mvula yobzalira imagwa chapakati pa mweziwo kapena kumapeto kwake, ndipo wochedwa kubzala wadya kale gawo la zokolola zake. Chimanga chimakula chonyozoloka, nshawa za Chalimbana zimatuluka makoko opanda kanthu, fodya wa pa nazale amapitirira msinkhu wookera. Usiku umene mvula inagunda malata a makalasi amene tinkagonamo, palibe anagona. Amuna anakhala tsonga m'mabulangete, chete, fungo la dothi likulowera pa mazenera osweka. M'mawa pa perete panali mipata. Mawa lake mipata inakula.

Anthu amenewa sankathawa nkhondo. Ankayenda usiku wonse, kubzala m'mawa, n'kubwerera matope mpaka m'maondo kudzalandira chilango. Ofesala wina wachinyamata, wokulira ku migodi, ankafuna onse atsekeredwe, ndipo mwa lamulo la usilikali sankalakwa. Koma ukatsekera khumi, usiku womwewo amachoka ena makumi awiri, ndipo olondera otsekeredwawo nawonso mitima ili ku minda. Tsiku lina kunabwera mayi wina, mwana kumbuyo, khasu pa phewa. Anadutsa mzere wonse popanda womuletsa, n'kuika khasulo pa desiki yanga, pamwamba pa kaundula, dothi likuyoyokera pa maina. Anagwada monga mwa mwambo, koma mawu ake sanagwade.

"Bambo, mwatenga amuna anga, mwatenganso mlongo wanga. Amalume ndi akhungu. Khasu ili mulipatsa ndani?"

Madzulo ake sajeni anatulutsa ndalama ya m'thumba mwake, kundituma kukagula makope a sukulu, n'kutumizanso njinga kukatenga nkhalamba ija. Buku lachiwiri linayambira pamenepo, ndipo ngati pali chimene ndikufuna mutole m'nkhani ino n'chimenechi. Munthu aliyense tinamuitananso pa tebulo n'kumufunsa za kwawo. Munda uli kuti, ndi waukulu bwanji? Mbewu ndi feteleza zilipo? Watsala ndani woti angagwire khasu? Ngati pali ng'ombe zolimira, aziyendetsa ndani? Pakhomo pali wapakati, wodwala, nkhalamba? Mafunso ena ankaonjeza ndi nkhalambayo, itakhala pambali panga. Ndi iyo inati tizifunsa ngati munthu ali ndi ngongole ya feteleza, chifukwa wangongole ndiye amayamba kuthawa. Pa funso lakuti zikavuta tikauze ndani, Mngoni ankatchula bambo ake osazengereza. Mchewa ankatchula amalume ake, mwini mbumba, mkazi ndi ana osawatchula n'komwe, chikhalirecho akukhala chikamwini kwa mkaziyo. Uthenga kapena kandalama kakapita kwa amalume, kwa mkazi kamafika mochedwa, mwinanso osafika. Tinkalemba onse awiri, ndi midzi yawo, n'kumufunsa mwini wake kuti ndalama ipite kwa uti, uthenga wa maliro upite kwa uti.

Bukulo linatitsegula maso. Panali nyumba zimene tinakokolola amuna onse, pomwe nyumba yoyandikana nayo ili ndi anyamata anayi osakhudzidwa. Akuluakulu anavomera kuti pa khomo limodzi pasachoke amuna onse, ndipo mlongo wa mayi uja anabwezedwa tsiku lomwelo. Anyamata osaitanidwa aja, amene tinalibe mfuti zowapatsa ndipo ankangozungulira mpanda mokhumudwa, tinawalemba nawonso, kuwapatsa manambala, n'kuwagawa kwa nyakwawa ngati magulu a dima. Ntchito yawo inali kulima ndi kubzala minda ya opita, motsata bukulo, kuyamba ndi makomo ovutikitsitsa. Amayi a Chigwirizano ndi a mphakati ankaphika thobwa ndi nsima. Poyamba anyamatawo ananyinyirika kuti anabwerera mfuti, osati khasu, koma kuitanidwa ndi nambala pa mzere m'mawa uliwonse kunawakhazika mtima pansi. Nyakwawa zinkatumiza uthenga pa njinga, ine n'kumawerenga pa perete maina atatha kuitanidwa: munda wa nambala yakuti wabzalidwa, wa nambala yakuti wathiridwa feteleza, kwa nambala yakuti kwabadwa mwana wamkazi, onse ali bwino. Amuna akuluakulu ankamvetsera zimenezi kuposa mmene ankamvetsera nkhani za ku London pa wailesi. Mipata ija inatsekeka popanda kutsekera munthu.

Pali nkhani ina imene mpaka lero mtima wanga uli pawiri, yoika anthu a mudzi umodzi pamodzi. Ubwino wake ndi woonekeratu. Amadziwana, amagawana fodya ndi bulangete, wina akadwala amamusamala, ndipo palibe amafuna kuti kumudzi kukamveke kuti iye ndiye anathawa. Njira za m'tchire ndi madooko a mitsinje amazidziwa ndi mdima womwe. Koma muikeni munthu pa chipata cha msewu wa kwawo muone. Amalume ake adutsa ndi katundu aliyense osasechedwa, pomwe uja anamulanda mkazi avula nsapato pa matope. Ndinadzawerenganso pambuyo pake kuti Angerezi mu 1914 anasonkhanitsa mabataliyoni a anthu a tauni imodzi, a ntchito imodzi, kuti anzawo azilimbitsana mtima. Pa 1 Julayi 1916, pa nkhondo ya ku Somme, matauni ena anataya anyamata awo ochuluka m'mawa umodzi, maliro khomo ndi khomo. Ife tinadutsa pakati: awiri kapena atatu a mudzi umodzi pa sekishoni, ndipo sekishoniyo ilondere mlatho wa dera lina, koma kosatalika moti uthenga wa kunyumba ungalephere kufika pa njinga.

Za chakudya sindichulukitsa. Inali nsima ndi nyemba, nthawi zina kapenta, ndipo masiku ena lole inkachedwa. Msilikali wanjala amayamba kupempha nkhuku m'midzi, ndipo wopempha mfuti ili pa phewa sakupempha. Mudzi umene walandidwa nkhuku sukuuzani ukaona mlendo wokayikitsa. Zimbudzi kumbani tsiku loyamba anthu asanachuluke, kunsi kwa chitsime ndi kutali nacho. M'gulu lathu palibe anavulazidwa ndi mdani, koma otsegula m'mimba ndi a malungo ankadzaza kalasi yathunthu. Mfuti zinali zochepa kuyerekeza ndi anthu, moti ena ankachita perete ndi mipini ya makasu. Iliyonse inkatuluka pa nambala yake ndi nambala ya munthu, zipolopolo kuwerengedwa potuluka ndi pobwera, pamaso pa kopolo. Chikasowa chimodzi sekishoni yonse sinkadya mpaka chipezeke, ndipo chinkapezeka.

Ngozi yaikulu imene ndinaiona ndi maso anga inachokera kwa ife tomwe. Kunali kutamveka kuti adani amadzipaka zakuda kumaso n'kuvala ngati asilikali athu, ndipo ankachitadi zimenezo. Mphekesera zinakula msanga. Wogulitsa usipa wochokera ku Malawi anasanduka kazitape, wamisala wa pa msika anasanduka kazitape, wansembe wachizungu amene wabatiza theka la mudzi anayamba kuyang'anidwa ndi diso lofiira. Usiku wina ndinapita ndi mndandanda wa alonda pa kamlatho kena, mvula ikuwaza, mdima wa ndiweyani. Tinamva chinthu cholemera chikubwera mumsewu, chopanda nyale, chitsulo chikulira. Mnyamata amene anali pa ulonda anakuwa mawu a Chingerezi amene tinaphunzitsidwa. Kunalibe yankho, chinthucho chikubwerabe. Ndinamva mfuti yake ikukokedwa. Kopolo, mdoda wopuma usilikali, anaigwira kukamwa n'kuilozetsa kumwamba, kenako anakuwa yekha: "Ndani uko? Imani, tikuombani!" Kunamveka liwu lonjenjemera: "Ndife, wawa, tili ndi wodwala." Inali ngolo ya ng'ombe, mkati muli mayi wobereka movutikira, apongozi ake atamugwira mutu, akupita ku chipatala cha mishoni. Mwamuna woyendetsayo anamva kukuwa koyamba kuja, koma sanadziwe kuti akuuzidwa chiyani, ndiye anaganiza zongofulumira. Mnyamata uja anakhala pansi pa matope n'kuyamba kusanza.

Kuchokera usiku umenewo alonda ankakuwa m'chinenero cha anthu a m'deralo, ndipo nyakwawa zinalengeza kuti woyenda usiku anyamule nyale kapena muuni, azikuwa odi akadali patali. Lamulo lina linali lakuti pa ulonda wa usiku mnyamata asakhale yekha popanda mdoda, ndipo wogwidwa mokayikitsa asakhudzidwe mpaka nyakwawa ya pafupi imuone. Ambiri ankapezeka kuti ndi akwawo a winawake.

Zithumwa ndi mphini zoti chipolopolo chisanduke madzi zinalipo zambiri, asing'anga anapeza ndalama mwezi umenewo. Sajeni sankazifufuza. Ankangonena kuti wa chithumwa akumbe dzenje lakuya mofanana ndi la wopanda chithumwa. Amene ankamukwiyitsa ndi anthu amene ankazungulira midzi kutenga nkhuku ndi ndalama kwa makolo, ena powalonjeza kuti mwana wawo afufutidwa m'kaundula, ena powalonjeza kuti alembedwa usilikali wokhazikika. Akamberembere otere alipobe lero, angosintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito foni. Kulembedwa usilikali salipira, ndipo wokupemphani ndalama kuti akulowetsereni mwana ndi wakuba.

Pangano la Lancaster House linasainidwa pa 21 Disembala 1979, mfuti zinaleka kulira kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo Zimbabwe inalandira ufulu pa 18 Epulo 1980. Gulu lathu linamasulidwa pang'onopang'ono, chimanga chikufuna kupalira. Kumasula anthu ndi ntchito yofanana kukula kwake ndi kuwalemba, koma pa tsikulo aliyense mtima uli kunyumba, olemba ndi olembedwa omwe. Anthu ankaponya bulangete ndi mfuti pa sitolo n'kuthamangira lole. Sajeni anaika desiki yanga pa chipata penipeni kuti pasadutse munthu wopanda pepala. Pepalalo likhale ndi dzina monga lilili pa reji, nambala, gulu limene munthu anali, tsiku lolowa ndi lotuluka, matenda kapena kuvulala kulikonse kumene anakupeza ali m'gulumo, umboni woti wabweza mfuti ndi zipolopolo, siginecha ndi chidindo. Ena anazemberabe pa mpanda poopa kutsalira lole. Pepala langa lili m'pulasitiki mkati mwa Baibulo. A anzanga ambiri anadyedwa ndi chiswe kapena anapsa ndi nyumba za udzu. Ngati pakhomo panu pali pepala lotere, la bambo, la amalume kapena la agogo a ku Burma, lijambuleni pa foni mbali zonse ziwiri mutumize kwa abale awiri pa WhatsApp.

Makope a buku lachiwiri tinawabweza kwa nyakwawa, aliyense la midzi yake. Cha mu 1987 zigawenga za RENAMO za ku Mozambique zitayamba kulowa m'midzi ya m'malire ku Chadiza, Katete ndi Petauke, kuba ng'ombe, kupha ndi kutenga anthu, othawa nkhondo ku Mozambique akusonkhanitsidwa ku msasa wa Ukwimi, asilikali amene anafika kwathu anafunsa ngati m'midzi muli amuna odziwa mfuti ndi njira za m'tchire. Nyakwawa zina zinatulutsa makope aja, masamba atachita chikasu. Amene anasunga pepala lake ankangolionetsa n'kupatsidwa polondera tsiku lomwelo. Enawo ankayamba ndi kufunafuna mboni.